ZOVUTA ZIMENE ZIMAONEKA POKOPERA DISIKI YA KOMPYUTA YAKALE KUPITA KU YATSOPANO

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Zaulimi wa ku Lobi, m'boma la Dedza. Taisindikiza pano kuti alimi ndi mafumu amene sanaimve aiwerenge, ndipo amene anaimva aisunge.

Masiku onse ndimalankhula nanu za mizere, za manyowa, za madimba ndi za mbewu ya mbatatesi. Lero ndadza ndi nkhani ina. Ndifuna tikambirane za kompyuta. Kapena wina anena kuti, "Kodi alangizi asokonezeka? Ine ndigwira khasu, kompyuta ndi ya anthu a mu ofesi." Tamverani pang'ono, muona kuti nkhaniyi ndi yanu.

Kale dzina la mlimi linali kulembedwa m'buku la mfumu ndi m'buku la kalabu basi. M'chaka cha 2005 Boma linayamba kupereka makuponi a feteleza wotsika mtengo. M'chaka cha 2017 tinalembetsa ziphaso za unzika, ndipo pamene ndondomeko ya AIP inayamba m'chaka cha 2020, mlimi anali kugula feteleza poonetsa chiphaso chake. Nonse munaona pamenepo kuti dzina likasowa m'makina, munthu abwerera kumudzi chimanjamanja. Makina a Boma ali ndi akatswiri ake owasamalira, ndipo sindikunena za iwo. Ndikunena za kompyuta ya gulu lanu, ya kopaletivi kapena ya bungwe la alimi, momwe a mlembi amalembamo maina a mamembala, masheya, ngongole, ndi makilogalamu a nyemba kapena soya amene aliyense anabweretsa. Kompyuta imeneyo ikataya zolembedwa zake, chimene chatayika ndi thukuta lanu.

Makompyuta amakalamba monga ng'ombe ya pangolo. Ndiponso kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu January 2020, ndipo pa 14 October 2025 inasiyanso kusamalira Windows 10 monga inali kuchitira kale. Chotero magulu ambiri afika poti asinthe makina. Tsiku losamutsa zolembedwa ndilo tsiku loopsa koposa masiku onse a kompyuta, ndipo mawu anga akulu lero ndi awa: musakhudze chakale kufikira mutaona ndi maso anu kuti chatsopano chili bwino.

KODI DISIKI NCHIYANI?

M'kati mwa kompyuta muli kabokosi kosungiramo zonse zolembedwa. Amisiri amati hard disk, ife tingoti disiki. Ndiyo nkhokwe ya kompyuta. Disiki yoyamba inapangidwa ndi kampani ya IBM ku America m'chaka cha 1956. Inali ndi mbale zachitsulo 50, inali yolemera pafupifupi tani imodzi, koma inali kusunga zilembo 5 miliyoni zokha. Disiki ya masiku ano ya 500 GB ilowa m'thumba la malaya, koma isunga zambiri koposa imeneyo ka 100,000.

Madisiki alipo a mitundu iwiri. Mtundu wakale uli ndi timbale tozungulira ka 5,400 kapena ka 7,200 pa mphindi imodzi, ndi kamkono kowerenga koyenda pamwamba pake. Mtundu umenewu umaopa kugwa ndi kugwedezeka. Mtundu watsopano amautcha SSD. Mulibe chozungulira, ndipo ndi wofulumira.

Pali njira ziwiri zosamutsira zolembedwa. Njira yoyamba ndiyo kutenga mafayilo okha amene muwafuna ndi kuwaika pa fulashi. Njira yachiwiri ndiyo kukopera disiki yonse monga ilili, pamodzi ndi Windows, mapulogalamu, mafayilo ndi zina zobisika zimene maso sazipenya. Njira imeneyi amisiri amaitcha cloning. Ubwino wake ndi wakuti kompyuta yatsopano imayamba ntchito monga yakale, ndipo a mlembi savutika kufunafuna zinthu. Koma ndi njira imeneyinso imene ili ndi mbuna zambiri.

ZIMENE NDINAONA NDI MASO ANGA

Gulu lina la alimi, limene sinditchula dzina lake, linagula kompyuta yatsopano. Anaitana mnyamata wodziwa makina, ndipo anamusiya yekha mu ofesi, iwo napita kumsika. Mnyamatayo analumikiza madisiki awiri aja. Makina anamufunsa kuti atenge kuchokera kuti ndi kuika kuti. Iye pofulumira anasinthanitsa. Anakopera disiki yopanda kanthu pamwamba pa disiki yodzaza. Madzulo madisiki onse awiri anali opanda kanthu.

Chimene chinatsata ndi milandu. Wina anati anali ndi masheya khumi, a msungichuma nakumbukira asanu ndi awiri. Ena amene anali ndi ngongole anati anabweza kale. Nkhani inafika pabwalo la mfumu. Chimene chinapulumutsa gululo ndi buku lakale la a mlembi opuma, limene linali m'sutikesi kunyumba kwawo, ndi malisiti amene amayi ena anasunga m'mabuku awo a nyimbo. Koma zolembedwa za miyezi yomaliza sizinapezeke, ndipo mamembala ena anatuluka m'gulu ali okwiya. Mnyamata uja sanali wakuba. Anangosowa munthu womuuza kuti adekhe.

ZOYENERA KUCHITA NTCHITO ISANAYAMBE

Inu simudzagwira makinawo nokha, koma ndinu eni ake a zolembedwazo, chotero muli ndi mphamvu yolamula mmisiri kuti atsate izi.

Choyamba, mafayilo onse ofunika akoperedwe pa fulashi, ndipo fulashiyo ikatsegulidwe pa kompyuta ina kuti muone ngati mafayilowo akuwerengeka. Mndandanda wa mamembala, masheya ndi ngongole usindikizidwe papepala.

Chachiwiri, werengani. Mamembala alipo angati? Masheya onse pamodzi ndi ndalama zingati? Ngongole zonse pamodzi ndi zingati? Lembani ziwerengero zitatuzi m'buku la gulu, ndipo apampando, a mlembi ndi a msungichuma asaine.

Chachitatu, disiki iliyonse ili ndi dzina la kampani, kukula kwake ndi nambala yake zolembedwa pamsana pake. Lembani zimenezi papepala, ndipo mumate kapepala kakuti "YAKALE" pa ina, ndi kakuti "YATSOPANO" pa inzake.

Chachinayi, mmisiri ayeze thanzi la disiki yakale. Disiki imasunga yokha mbiri ya zovuta zake, imene amaitcha SMART, ndipo kuiwerenga kungotenga mphindi zochepa. Afunsenso ngati disikiyo ili yokhoma ndi loko wotchedwa BitLocker. Kiyi wake ndi manambala 48. Ngati loko alipo, kiyiyo apezeke ndi kulembedwa papepala ntchito isanayambe, pakuti popanda iye palibe mmisiri angatsegule zolembedwa zanu.

Chachisanu, anthu awiri a komiti akhalepo kuyambira poyamba kufikira pomaliza.

Tsopano tiyeni tione zovutazo chimodzichimodzi.

VUTO LOYAMBA: KUSINTHANITSA MADISIKI

Ili ndilo mwamva kale. Makina satcha madisiki kuti yakale ndi yatsopano ayi. Pulogalamu ya Clonezilla, imene inapangidwa ku Taiwan ndipo imapezeka kwaulere, imawatcha sda ndi sdb, koma imaonetsanso kukula ndi nambala ya disiki iliyonse, ndipo imafunsa kawiri isanayambe kufufuta. Pamenepo mmisiri aime. Awerenge mokweza nambala ya disiki imene ilandire, ndipo inu muyang'ane papepala panu. Ikakhala nambala ya disiki yakale, mukanize.

Ngati cholakwacho chachitika kale, zimitsani makina nthawi yomweyo. Musalembenso kanthu pa disikiyo, ndipo musalole munthu aliyense kuyesa nzeru zake. Malo amene sanalembedwepo zina akhoza kuwerengedwa ndi katswiri, koma kuyatsayatsa kumaononga zotsalazo.

VUTO LACHIWIRI: DISIKI YATSOPANO NDI YAING'ONO

Chimanga cha thumba la makilogalamu 50 sichilowa m'thumba la makilogalamu 25. Kawirikawiri disiki yakale imakhala ya 500 GB, pamene SSD yatsopano ndi ya 256 GB kapena 480 GB. Clonezilla imafuna kuti malo olandira akhale olingana ndi malo ochokera kapena oposa, ndipo akachepa imakana. Anthu amadabwa nati, "Koma disiki yathu siinadzaze." Zoona, koma makina amayeza kukula kwa munda wonse, osati polimidwa pokha.

Mankhwala ake ndi awiri. Kapena mugule disiki yaikulu, kapena mmisiri achotse nyimbo ndi mafilimu amene ana anaikamo, nachepetse chigawo cha disiki yakale kuti chikwane. Njira yachiwiriyi imakhudza disiki yakale, motero isachitike ngati mafayilo sanakoperedwe pa fulashi monga ndanena. Ngati disiki yatsopano ndi yaikulu koposa, ntchito iyenda bwino, koma malo otsala adzakhala ogonera kufikira mmisiri atawaphatikiza ndi chigawo chachikulu.

VUTO LACHITATU: NTCHITO IIMA PAKATI

Nthawi zina makina amayamba bwino, kenaka naima, nalemba kuti alephera kuwerenga. Yambani ndi chotsika mtengo, ndicho chingwe. Chingwe chokhwepa kapena pobayira pa dzimbiri zimachititsa zimenezi. Sinthani chingwe, bayani pena, muyesenso kamodzi.

Ikaimanso pamalo omwewo, vuto lili m'disiki yakale. Disiki imagawidwa m'timagawo ting'onoting'ono, kalikonse kosunga zilembo 512, kapena 4,096 m'madisiki ena atsopano. Disiki ikakalamba, timagawo tina timafa. Zizindikiro zake ndi izi: kompyuta imachedwa kutsegula mafayilo, imauma kawirikawiri, ndipo m'kati mumamveka kuti kha, kha, kha. Disiki yotere ili ngati ng'ombe yodwala. Mukaikakamiza kukoka ngolo kachiwiri ndi kachitatu, ifera panjira. Musalole mmisiri kubwerezabwereza, ndiponso asayambe ndi kukonza disikiyo. Ayambe ndi kupulumutsa zimene zili m'menemo. Pali pulogalamu yotchedwa ddrescue imene imatenga malo abwino poyamba, nidumpha malo oipa, nibwererako pomaliza. Clonezilla nayonso ili ndi njira yodumpha malo oipa. Zikatero, mafayilo ena adzakhala opunduka, ndipo muyenera kuwatsegula onse kuti mudziwe ndi ati.

Palinso chifukwa china chaching'ono. Ngati kompyuta yakale siinazimitsidwe bwino, pulogalamu yokopera ikhoza kukana kuyamba. Ngati thanzi la disiki lili bwino, mmisiri ayatse Windows, ayendetse chkdsk kuti ilongosole zosokonekera, kenaka azimitse kompyuta kotheratu, osati kuigoneka chabe.

VUTO LACHINAYI: MAGETSI AZIMA

Kukopera disiki kumatenga nthawi. Pa chingwe cha USB cha mtundu wakale, disiki yodzaza ya 500 GB itenga maola anayi kapena asanu. Pobayira pa mtundu watsopano, pamene kawirikawiri pamakhala pobiriwira ngati thambo m'kati mwake, pamafulumira kwambiri. Magetsi akazima pakati pa ntchito, chimene chakoperedwa chilibe phindu, ndipo muyambirenso poyamba. Musaope kwambiri, pakuti disiki yakale imangowerengedwa, ndipo kawirikawiri imatsala yamoyo. Koma musakhulupirire disiki yatsopano imene yalandira theka lokha, ngakhale maina a mafayilo ena akuoneka.

Yambani ntchito m'mawa. Laputopu ikhale ndi batire lodzaza. Kompyuta ya patebulo ikhale ndi bokosi la batire lotchedwa UPS, kapena magetsi a sola okhazikika. Ndipo kuno ku mapiri a Dedza mudziwa nokha ukali wa ziphaliwali m'nyengo ya dzinja. Mitambo ikachita bii kumadzulo, ntchito imeneyi idikire tsiku lina.

VUTO LACHISANU: NTCHITO YATHA KOMA KOMPYUTA SIDZUKA

Ili ndilo limadetsa nkhawa anthu ambiri. Makina anena kuti atsiriza, koma poyatsa kompyuta yatsopano galasi lingokhala lakuda, ndi mawu akuti palibe poyambira. Musataye mtima. Kawirikawiri zolembedwa zanu zilimo, koma kompyuta yasowa khomo lolowera. Mmisiri ayang'ane zinthu zinayi motsatana.

Ayambe ndi kuchotsa disiki yakale. Madisiki awiriwo tsopano ali ndi chizindikiro chimodzi, monga anthu awiri okhala ndi chiphaso cha nambala imodzi, ndipo Windows ikawaona pamodzi imaika imodzi pambali.

Kenaka aone ngati kompyuta yauzidwa kuyambira pa disiki yatsopano. Mwina ikufunafuna pa fulashi kapena pena.

Kachitatu aone ngati anakopera disiki yonse. Kupatula chigawo chachikulu chimene timachiona, pali tizigawo tina ting'onoting'ono tobisika momwe muli malangizo odzutsira Windows. Wokopera chigawo chachikulu chokha wasamutsa nyumba nasiya chitseko.

Kachinayi aone kayalidwe ka disiki. Makompyuta akale amadzuka mwa njira yotchedwa BIOS, ndipo disiki yake imayalidwa mwa MBR. Atsopano amadzuka mwa UEFI, ndipo amafuna disiki yoyalidwa mwa GPT. Zikasemphana, kompyuta sidzuka. Makompyuta ena amalola kubwerera ku njira yakale, koma ambiri atsopano salola, ndipo Windows 11 imafuna UEFI. Pamenepo mmisiri asinthe kayalidwe ndi kapulogalamu ka Windows kotchedwa mbr2gpt. Koma tamverani bwino: asinthe pa disiki yatsopano. Yakale ikhale ili m'kabati.

VUTO LACHISANU NDI CHIMODZI: GALASI LOBIRIWIRA

Nthawi zina Windows imayamba kudzuka, kenaka galasi lisanduka lobiriwira ngati thambo, kapena lakuda m'makina ena atsopano, ndi mawu akuti INACCESSIBLE BOOT DEVICE. Chifukwa chake ndi ichi. Windows ija inazolowera ziwalo za kompyuta yakale. Goli losemedwa poyeza ng'ombe zina silikhala bwino pakhosi pa ng'ombe zina. Mmisiri ayese kusintha njira imene kompyuta imalankhulira ndi disiki, makamaka kuika pa AHCI, ndipo ayese kudzutsa Windows mwa njira yochepetsa yotchedwa Safe Mode kuti izolowere ziwalo zatsopano.

Zikakanika, musataye masiku. Mmisiri aike Windows yatsopano, aike mapulogalamu, nakopere mafayilo okha. Njira imeneyi ndi yaitali koma ndi yoyera. Dziwaninso kuti chilolezo cha Windows chimene chinabwera ndi kompyuta yakale kawirikawiri chimamangidwa ku kompyuta yomweyo, chotero yatsopano ifuna chilolezo chakechake. Funsani zimenezi pogula, musanapereke ndalama za gulu. Safunsa anadya phula.

VUTO LACHISANU NDI CHIWIRI: MATENDA ASAMUKA NAWO

Inu alimi a mbatatesi a ku Lobi, ku Thete ndi ku Chimbiya mudziwa bwino chinthu ichi. Mbatatesi imene mubzala imabala ana ofanana ndi mayi wake m'zonse. Mukatenga mbewu paphando limene linafota ndi matenda, mwanyamula matendawo kupita nawo kumunda watsopano. Kukopera disiki yonse kuli chimodzimodzi. Ngati kompyuta yakale inali ndi vairasi, monga uja amabisa mafayilo pa fulashi, yatsopanonso idzakhala naye kuyambira tsiku loyamba. Ngati a mlembi analakwitsa nambala ya chiphaso cha munthu, cholakwacho chidzasamuka. Makina sasankha mbewu. Chotero kompyuta imene inali kudwaladwala isakoperedwe yonse. Tengani mafayilo okha, ayesedwe ndi pulogalamu yosaka vairasi, ndipo alowe m'Windows yatsopano.

MUSALIPIRE MUSANAYESE

Mawu a makina akuti ntchito yatha si umboni. Umboni ndi uwu. A mlembi akhale pa kompyuta yatsopano, disiki yakale itachotsedwa. Atsegule mndandanda wa mamembala, wa masheya ndi wa ngongole. Ziwerengero zitatu zija munalemba m'buku zifanane ndi za m'makina. Atsegule fayilo yakale kwambiri ndi fayilo imene analemba komaliza. Asindikize pepala limodzi. Azimitse ndi kuyatsanso kawiri. Zonse zikayenda, pamenepo mulipire mmisiri. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Disiki yakale musaifufute, ndipo musaigulitse. Ikulungeni bwino, muiike pouma, m'kabati yokhoma, kutali ndi kompyuta yatsopano, kufikira nyengo imodzi ya malonda itatha ndipo mamembala onse atalandira zawo popanda dandaulo. Pambuyo pake, ngati gulu lifuna kugulitsa kompyuta yakale, disiki ifufutidwe kotheratu, pakuti muli maina, manambala a ziphaso ndi ngongole za anthu, zimene siziyenera kugwa m'manja mwa mlendo. Kungotaya mafayilo m'kabini ka pagalasi sikufufuta ayi.

MAWU KWA MAFUMU

Inu mafumu, milandu ya gulu ikabuka imathera pabwalo panu. Chotero ndikupemphani zinthu zitatu. Mukamva kuti gulu la m'dera lanu lifuna kusintha kompyuta, funsani apampando ngati zolembedwa zasindikizidwa papepala ndi kusainidwa. Ntchito ikatha, itanitsani msonkhano, maina aitanidwe mokweza, ndipo munthu aliyense avomere yekha masheya ake ndi ngongole yake. Ndipo buku lanu la kaundula wa m'mudzi musalisiye chifukwa kwabwera makina. Lembanibe obadwa, omwalira ndi osamuka, ndipo mulisunge pamene chiswe ndi mvula sizifika.

Inunso alimi, lisiti lililonse limene mulandira mukapereka ndalama kapena mbewu ku gulu, lisungeni. Ngati pali chimene simunamve m'nkhaniyi, funsani mlangizi wa m'dera lanu.

Sabata ya mawa tidzabwerera kumunda, ndipo tidzakambirana za kasankhidwe ndi kasungidwe ka mbewu ya mbatatesi.